Muvi wa geji ya Probox yanga ukugwera pa E mafuta alimo, ndithandizeni ndisanalakwire mwana

Naphiri wa ku Chankhanga: Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo, ndiye ndati ndiyambe ndafunsa kuno ndisanachite chinthu choti ndidzanong'oneze nacho bondo. Ndili ndi Probox yonyamula anthu pakati pa Kasungu boma ndi Santhe. Amayendetsa ndi mwana wa malemu achemwali anga, ndinamulera ndekha kuyambira ali Sitandade 5. Lachiwiri m'mawa ndinathira ndekha mafuta, muvi unafika pa hafu. Cha m'ma 2 koloko masana ndinamupeza pa siteji, nditasuzumira mkati muvi uli pa E, kagetsi kayaka. Anali atangopita ku Santhe kamodzi n'kubwerako. Nditamufunsa anangoti, "Mayi, geji imeneyi imanama, mafuta alimo." Kutacha muvi unali utakwera, uli pamwamba pang'ono pa kota. Mtima wanga ukundiuza kuti anapopa mafuta n'kugulitsa, kenako usiku anabwezeramo pang'ono poopa ine. Aka n'kachitatu mwezi uno. Kodi geji imanamadi chonchi? Ndikufuna kumulanda makiyi koma ndi mwana wanga.

Mbewe wa malole: Mayi, pepani ndinena mosapsatira. Ine ndili ndi malole awiri, nthawi ya fodya amakhalira ku Chinkhoma, ndipo za kapaipi ndi chigubu ndaziona ndi maso angawa. Mafuta akamasowa ku mafilingi siteshoni wogula sasowa. Mawu akuti geji imanama ndawamva kambirimbiri.

Mwale wamagetsi a galimoto: A Mbewe, zimenezo zimachitikadi, koma tiyeni tifunse kaye. A Naphiri, mafunso atatu. Muviwo umatsika pang'onopang'ono tsiku lonse, kapena umangochoka pamene unali n'kukagwa pa E m'kamphindi? Ikachita zimenezi, umakhala uli pati, pamwamba kapena pakati pa hafu ndi kota? Chachitatu, galimotoyi munaithira liti fulu thanki komaliza?

Naphiri wa ku Chankhanga: Ndamufunsa pompano. Akuti umangogwa, makamaka akadutsa pa mabampu kapena pokumbika, ndipo nthawi zonse umakhala utatsika pang'ono kuchoka pa hafu. Fulu thanki ndiye sindikukumbuka bambo, mwina chaka chatha. Timathira malita 10, malita 15, tikalemera ndiye hafu.

Gogo Banda: Mwana wanga Naphiri, makiyi asiye kaye m'thumba mwa mnyamatayo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amisiri alankhule.

Mwale wamagetsi a galimoto: Zikomo gogo. A Naphiri, yankho lanu landipatsa kale chithunzi, koma ndifotokoze kaye mmene chinthuchi chimagwirira ntchito kuti muweruze nokha, musangokhulupirira ine.

Anthu ambiri amaganiza kuti m'thanki muli kachipangizo kowerenga malita. Mulibe. Chimene chilimo n'chofanana ndi kampira kaja ka m'thanki ya madzi ya chimbudzi chogejemula. Ife timati fuloti. Ndi kanthu kopepuka, ka pulasitiki kapena ka thovu louma lija, ndipo m'magalimoto akale kanali kachitini ka mkuwa kotsekedwa. Kamayandama pamwamba pa mafuta. Fulotiyo yamangidwa kumapeto kwa kamkono ka waya wolimba. Mafuta akachuluka fuloti imakwera, akachepa imatsika, ndiye kamkono kaja kamazungulira pa phata pake ngati chitseko pa hinjesi.

Pa phata pamenepo ndi pamene pali nkhani yonse. Pali kakhadi kakang'ono, kukula kwake ngati chala chachikulu, kokhala ndi timizere tachitsulo tondandalikana ngati mano a chipeso. Kamkono kakamayenda, kalilime kachitsulo kamakhula pa timizere timeneti. Malo amene kalilime kakhudza ndi amene amachititsa kuti magetsi adutse njira yaitali yopanikiza kapena yaifupi yomasuka. Amene munagwirapo wailesi zakale zokweza voliyumu pozunguza, ndi nzeru yomweyo. Geji ya pa dashibodi imangomva kuti magetsi akupanikizidwa bwanji, basi, n'kuika muvi pamalo ogwirizana nazo.

Kupanikizako timakuyeza ndi ma ohm. Ma Toyota ambiri akale, thanki ikadzaza mita yoyezera magetsi imawerenga pafupifupi 3, ikauma pafupifupi 110. Ndiye kuti nambala ikakula muvi umatsika. Tsopano taganizirani timizere tina titaperepeseka, kalilime n'kufika pamenepo osakhudza chitsulo. Njira yaduka. Kwa geji, njira yoduka ndi nambala yaikulu kuposa ya thanki youma, choncho muvi umakagona pa E ngakhale muli malita 20. Galimoto ikaima popendekeka kapena mafuta akatsikako pang'ono, kalilime kamachoka pakuthapo, muvi n'kudzukanso. Ndi zimene munaona Lachitatu m'mawa.

Ndinafunsa dala za fulu thanki. Galimoto yokhalira pakati pa hafu ndi kota chaka chonse, kalilime kamangokhula malo amodzimodzi, ndipo pa msewu wa mabampu mafuta amakhavukira uku ndi uku, fuloti osapuma. Malo amenewo ndi amene amayamba kutha. Sindikulumbira kuti ndi zimenezi ndisanaione, koma zizindikiro zake n'zomwezo.

Naphiri wa ku Chankhanga: Nanga kagetsi kaja bambo? Zonse ziwiri zinganame nthawi imodzi?

Mwale wamagetsi a galimoto: Zingatero mayi. M'magalimoto ambiri a masiku ano kagetsiko kalibe sensa yakeyake, kamayatsidwa ndi kakompyuta ka m'dashibodi potengera uthenga womwewo wa fuloti. Uthenga ukalakwika, muvi ndi kagetsi zimalakwira limodzi. Magalimoto ambiri akale a ku Japan ndi amene anali ndi kasensa kapadera pafupi ndi pansi pa thanki, kotchedwa thermistor. Kakamira m'mafuta kamazizira, kagetsi osayaka. Mafuta akatsika n'kukasiya pamtunda kamatentha, kamalola magetsi ambiri kudutsa, kagetsi n'kuyaka pang'onopang'ono. Amenewo geji imatha kufa kagetsi n'kumanenabe zoona.

Aphunzitsi a ku Mtunthama: A Mwale mwafotokoza bwino kwambiri, ana a Fomu 3 atamva chonchi za resistance, kupanikizika kwa magetsi kuja, sangaiwale. Ndingowonjezera kamodzi kuti ena asasokonezeke. Si magalimoto onse amene nambala yaikulu imatanthauza thanki youma. Magalimoto akale a General Motors anali a 0 pouma ndi 90 podzaza. Ma geji a kampani ya VDO a ku Ulaya ambiri ndi a 10 pouma ndi 180 podzaza. Ma geji ogula padera ambiri ndi a 240 pouma ndi 33 podzaza. Choncho pa galimoto ina waya akaduka muvi umathawira ku F m'malo mwa E, ndipo kumeneko n'koopsa kwambiri chifukwa umayenda mtima uli m'malo mpaka injini kuzima. N'chifukwa chakenso fuloti ya galimoto ina siyenera kuikidwa pa ina chifukwa choti yakwana pabowo. Ikhoza kukwana koma n'kumalankhula chinenero china ndi geji.

Mbewe wa malole: Zonsezo ndamva, koma a Mwale, geji yowonongeka siletsa munthu kuba. Zikhoza kuchitika zonse ziwiri. Mnyamata akadziwa kuti geji ndi yodwala ndiye wapeza pobisala.

Mwale wamagetsi a galimoto: Pamenepo sinditsutsa a Mbewe. N'chifukwa chake ine sindinanene kuti mnyamatayo ndi wosalakwa. Ndikunena kuti geji si mboni, kaya yomumanga kaya yomumasula. Mboni ndi pampu ya ku filingi siteshoni ndi makilomita.

A Naphiri, chitani izi. Dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, musaonjezere ikadula. Bwezani trip, kanambala kowerenga makilomita a ulendo, pa ziro, ndipo lembaninso nambala yaikulu ya makilomita papepala, chifukwa trip munthu akhoza kuifufuta koma inayo ayi. Galimoto igwire ntchito masiku awiri monga mwa nthawi zonse, osathiramo kanthu. Kenako mubwerere pa pampu yomweyo mudzazenso mpaka idule. Malita amene alowe kachiwiriwo ndi amene apsa. Gawani makilomita ndi malitawo. Tsiku lina mudzachite chimodzimodzi inuyo muli m'galimoto tsiku lonse. Manambala awiriwo akasiyana kwambiri ndiye muli ndi nkhani yokamba ndi mwana wanu. Akafanana, vuto lili m'thanki.

Komanso taganizani mayi. Thanki ya Probox ndi ya malita 50. Munthu wofuna kuba mobisa sangapope pafupifupi theka la thanki tsiku limodzi n'kukaimika galimoto pa siteji pomwe mwini wake amadutsa.

Naphiri wa ku Chankhanga: Kudzaza kawiri ndi ndalama bambo, koma ndiyesetsa. Kuli bwino ndikongole kusiyana n'kumuneneza mwana wamasiye popanda umboni.

Gogo Banda: Ife tinayamba kuyendetsa malole geji tisakuidalira n'komwe. Kuseri kwa mpando kumakhala ndodo yosema bwino, yolembedwa mizere ndi mpeni. M'mawa usanalize injini umatsekula thanki, kuviika ndodo, kuona ponyowa. Mizere ija timailemba tokha: kuthira chigubu chimodzi, kudula mzere, kuthira china, kudula wina. Ndodo imeneyo inali ya lole imodzi yokha, ukapita nayo pa ina inkasocheretsa. Ukanyamuka pa Kasungu kupita ku Mzuzu umadziwa kuti pofika pa Jenda uyenera kukhala pa mzere wakuti. Ukapeza zasiyana umaima n'kuyang'ana pansi ngati paipi ikudontha.

Ndipo Volkswagen zija zokhala ngati kamba, zoyambirira zinalibe geji. Zinali ndi kachitsulo pansi pafupi ndi mapazi, injini ikayamba kutsamwa umakatembenuza n'kutsekula mafuta otsala.

Wakabaza wa pa Chinkhoma: Agogo, njinga zathu zambiri mpaka lero ndi choncho. Kampopi kali ndi ON, OFF ndi RES. M'thanki muli timapaipi tiwiri, kena kakatali kena kakafupi. Ukaika pa ON mafuta amalowera pa kakatali, akatsika kupitirira pamenepo njinga imazima. Ukatembenuzira pa RES amalowera pa kakafupi. Thanki ndi imodzi yomweyo, palibe ina yobisika ngati mmene ena amaganizira. Tsoka lake ndi kuiwala kubweza pa ON ukathira. Ine zinandichitikira ndi mayi wodwala kumbuyo, usiku, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndimayang'ana kampopi ndisanalize njinga.

Nangozo: Pepani ndilowererepo ndi langa. Vitz yanga ndikadzaza, muvi umakhala pa F nthawi yaitali, ndimatha kufika ku Mponela usanasunthe bwinobwino. Koma ukangodutsa hafu umathamanga ngati wina akukoka. Nanenso yanga ikudwala?

Mwale wamagetsi a galimoto: Ayi achemwali, imeneyo ili bwino, pafupifupi galimoto iliyonse imatero. Zifukwa zake ndi izi. Mukadzaza, fuloti imakwera mpaka pamene kamkono kamathera, koma mafuta amapitirirabe pamwamba pake mpaka m'khosi mwa thanki. Fuloti imakhala yomira. Malita oyambirirawo amapsa iyo isanayambe n'komwe kutsika, ndiye muvi umangokhala pa F.

China n'chakuti thanki si ndowa yowongoka. Opanga galimoto amaiumba kuti ikwane pamene patsala malo, pansi pa mpando, kuzemba ekizozi, kuzemba zitsulo za matayala. Pena ndi yotakata pena yopapatiza. Potakata, malita 5 amatsitsa mafuta pang'ono chabe. Popapatiza, malita 5 omwewo amawatsitsa kwambiri. Fuloti imadziwa kutalika kokha, sidziwa kutakata. Amayesetsa kukonza zimenezi potalikitsa kapena kufupikitsa timizere ta pakakhadi, ndipo magalimoto atsopano amakonzanso pakompyuta, komabe sizifika pokhala ndendende.

Kumunsinso amasiya dala mafuta ena muvi ukafika pa E, kuti munthu akafike pothira. Ndiye hafu ya pa geji musamaiwerenge ngati theka lenileni la ulendo wanu.

Aphunzitsi a ku Mtunthama: Palinso funso limene ana amandifunsa: mafuta amakhavuka m'thanki nthawi zonse, bwanji muvi sugwedezeka? M'thanki muli zotchinga zochepetsa kukhavukako, komanso geji inapangidwa dala kuti izichedwa kuyankha. Ma geji akale anali ndi kachitsulo kopangidwa pomata zitsulo ziwiri zosiyana, kokulungidwa ndi waya wotenthetsa. Magetsi ambiri akadutsa kamatentha n'kupindika, n'kukankha muvi. Kutentha ndi kuzizira kumatenga nthawi, n'chifukwa chake m'magalimoto amenewo ukatembenuza kiyi muvi umakwera mwaulesi. Ena anabwera ndi timakoyilo ta maginito, ndipo a masiku ano kakompyuta kamawerenga kambirimbiri n'kutenga pakatikati, kenako kamota kakang'ono n'kusuntha muvi. N'chifukwa chake ukathira mafuta ochepa injini ikulira, nthawi zina geji imachedwa kuonetsa. Kuthira injini ikulira n'koletsedwa kale.

Nangozo: Zikomo, mtima wakhala pansi. Ndinali nditayamba kusunga ndalama ya sipeya.

Wakabaza wa pa Chinkhoma: Koma mabwana, si ethanol amene akuwononga zinthuzi? Anzanga amati petulo wathu ndi wosakaniza n'chifukwa chake zipangizo sizikhalitsa.

Aphunzitsi a ku Mtunthama: Kusakanizako ndi zoona ndipo si za dzulo. Malawi anayamba kusakaniza ethanol mu petulo mu 1982, fakitale ya ku Dwangwa itatsekulidwa, kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Magalimoto ayenda ndi petulo ameneyu zaka zonsezi. Chimene ethanol amachita n'chakuti amakoka madzi. Petulo akasungidwa m'chigubu chosatseka bwino, kapena m'mgolo umene munali madzi, chinyezi chimalowa nawo m'thanki, dzimbiri n'kuyamba. Mdani wina wa kakhadi kaja ndi sulfur. Timizere tambiri timakhala ndi siliva, ndipo sulfur amadetsa siliva n'kupanga kachikutu kosalola magetsi kudutsa bwino. Mu 2004 ku Florida ndi ku Louisiana m'dziko la America kunagulitsidwa petulo wokhala ndi sulfur wambiri, ndipo ma geji a magalimoto ochuluka anawonongeka. Ine ndimaopa kwambiri mafuta a m'zigubu za m'mbali mwa msewu kuposa ethanol, chifukwa sudziwa kuti adutsa muti.

Mbewe wa malole: Pa zigubu ndikuvomereza. Koma mizere ya mafuta ikafika pogona pa filingi siteshoni, fodya wa anthu ali pa lole, umagula pamene wapeza.

Mwale wamagetsi a galimoto: Tonse tagulapo a Mbewe. Chachikulu muzisefa pa nsalu yoyera, ndipo zotsalira pansi pa chigubu musamathire.

Pali china chimene chikundidetsa nkhawa pa galimoto ya a Naphiri kuposa geji. M'magalimoto amenewa fuloti imakhala pachimango chimodzi ndi pampu ya mafuta, m'kati mwa thanki. Pampu imeneyo ndi mota ya magetsi, ndipo chimene chimaiziziritsa ndi kuifewetsa ndi mafuta omwewo amene imapopa. Mukamayenda kagetsi katayaka tsiku ndi tsiku, pokhota ndi pokwera mtunda imayamwa mpweya, imatentha, imayamba kulira ngati njuchi, mapeto ake imafa. Pampu ndi yodula kuposa fuloti. Ndikudziwa kuti ndalama ndi yovuta, koma kuyenda pakati pa hafu ndi kota kumamwa mafuta ofanana ndi kuyenda pakati pa kota ndi E. Kusiyana kwake ndi malita oyambawo amene umaika kamodzi n'kuwasiya momwemo. Amene angathe, kota aziyesa ndiye E yawo.

Phiri wa ku Chatoloma: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. A Mwale, ine ndili kutali ndi amisiri a magetsi. Ndingayeze ndekha? Mita ndili nayo ya sola. Yanga ndi Corolla yakale, muvi unafa pa E chaka chino chonse.

Mwale wamagetsi a galimoto: Mungathe achimwene, koma mumve kaye za moto, chifukwa petulo saseweretsa. Chitirani panja pomwe pakupita mphepo. Mbaula, ndudu, nyali ya parafini, zonse kutali, ndi ana omwe. Musanatsekule thanki chotsani waya wa negetivu pa batire.

Yambani ndi zosafuna kutsekula. Onani fyuzi, ngakhale kuti ikapsa nthawi zambiri imazimitsa ndi ma geji ena. Kenako tukulani mpando wakumbuyo. Ma Toyota ang'onoang'ono ambiri ali ndi kachivundikiro pamenepo, pansi pake pali pulagi yolowa pa thanki. Zulani pulagiyo muione. Kambiri ndimapeza zobiriwira za dzimbiri, kapena waya wa earth (wobwezera magetsi ku chitsulo cha galimoto) wothothoka, kapena makoswe atadya, makamaka magalimoto oimikidwa pafupi ndi nkhokwe. Earth ikakhala yofooka geji imawerenga zotsika kapena kufa kumene.

Pulagi ikakhala bwino, ikani mita pa ohm muyeze pa mapini a fuloti, osati a pampu. A pampu mawaya ake ndi onenepa, a fuloti ndi owonda. Mita ikapanda kuwerenga kanthu, njira yaduka m'kati. Ikawerenga nambala yomveka, wina agwedeze galimoto muone ngati ikusintha. Ikamasintha ndiye fuloti ili moyo, vuto lili pa waya wopita kutsogolo kapena pa geji yeniyeniyo.

Mukatulutsa chimango chonse, chitani mofatsa kuti kamkono kasapindike, chifukwa kakapindika geji idzanama mpaka kalekale. Lumikizani mita, kwezani fuloti ndi dzanja pang'onopang'ono kuchoka pansi mpaka pamwamba. Nambala iziyenda mosalumpha. Ikalumpha kapena kusowa penapake, mwapeza pakutha. Gwedezaninso fulotiyo pakhutu. Mukamva mafuta m'kati ndiye inabooka, ikumira, ndipo imeneyo imakhalira pa E mpaka muisinthe. Kakhadi musakakhule ndi sandipepa, timizere take n'topyapyala kwambiri. Mankhwala otsukira zamagetsi ndi kansalu kofewa basi. Pobwezera onetsetsani kuti labala ya pakamwa yakhala bwino, ikakhala yophwanyika sinthani, apo ayi m'galimoto muzidzamveka fungo la petulo.

Phiri wa ku Chatoloma: Ndamva bwino. Koma chikundidabwitsa, magetsi akukhulana m'kati mwa petulo, bwanji siziphulika?

Aphunzitsi a ku Mtunthama: Funso labwino. Magetsi odutsa pa kakhadi ndi ochepa kwambiri. Chachikulu china n'chakuti nthunzi ya petulo imayaka pokhapokha ikasakanikirana ndi mpweya pamlingo woyenera, pafupifupi gawo limodzi ndi theka mpaka magawo 7 kapena 8 pa 100 aliwonse. M'thanki yotseka yokhala ndi petulo nthunzi imachuluka kupitirira pamenepo, mpweya n'kuchepa. Ngozi imabwera mukatsekula, nthunzi n'kutuluka kukakumana ndi mpweya. N'chifukwa chake thanki imene yakhuthulidwa ndi yoopsa kuposa yodzaza, ndipo kuwotcherera thanki chifukwa choti "mulibe kanthu" kwavulaza anthu ambiri. A Phiri, zimene a Mwale anena za batire ndi moto musadumphe ngakhale chimodzi.

Mbewe wa malole: Popeza ndine ndinayamba kukayikira mnyamatayo, ndinene chimene ndinachita ine. Pa malole anga ndinaikitsa sensa ina yosiyana ndi ya fuloti. Ndi kandodo kachitsulo ka mapaipi awiri, kena m'kati mwa kanzake, kopanda chilichonse choyenda. Dizilo akamakwera pakati pa mapaipiwo, mmene mapaipiwo amasungira magetsi zimasintha, ndipo uthenga umapita ku GPS mpaka pa foni yanga. Poika anakhuthula thanki n'kumathira malita 20, kulemba, malita 20 ena, kulemba, mpaka kudzaza. Ndodo ya agogo Banda ija, kungoti ya magetsi. Imeneyo imaonetsa bwino dizilo akatsika lole itaima usiku. Ndisanaike ndinachotsapo dalaivala mmodzi potengera geji ya pa dashibodi, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinamulakwira. A Naphiri, tsatirani za a Mwale.

Gogo Banda: Mwanena ngati munthu wamkulu a Mbewe.

Mwale wamagetsi a galimoto: Kwa amene magalimoto awo amalola makina oyezera a OBD, vuto la sensa ya mafuta limatha kusiya nambala kuyambira P0460 mpaka P0464. Koma nambalayo imangoloza dera, siinena ngati ndi waya, pulagi kapena kakhadi. Musagule sipeya chifukwa cha nambala yokha. Ndiponso magalimoto ena okoka ndi matayala onse kapena akumbuyo ali ndi thanki yokhala ngati chishalo, yogawika pakati podutsa shafti, ndipo amakhala ndi mafuloti awiri. Imodzi ikafa geji imaonetsa zolakwika.

Naphiri wa ku Chankhanga: Mwadzuka bwanji nonse. Ndabwera kudzapereka lipoti monga ndinalonjezera. Lachinayi m'mawa ndinadzaza, ndinalemba makilomita. Loweruka m'mawa tinabwerera pa pampu yomweyo. Galimoto inayenda makilomita 338, munalowa malita 26. Lolemba ndinakwera ndekha tsiku lonse, makilomita 170, malita 13. Ndawerengera ndi mwana wanga wa sukulu, zonse zikubwera makilomita 13 pa lita. Dzulo ndinapita nayo kwa a Mwale.

Mwale wamagetsi a galimoto: Inde anabwera, ndipo ndinawaitana onse awiri kuti aone ndi maso. Nditatsitsa fuloti ndi dzanja nambala imayenda bwinobwino kuchoka pamwamba, itangodutsa pakati mita inasowa chowerenga, kenako cha kumunsi inabwereranso. Pakakhadi pakuoneka ndi maso, timizere tingapo tadyeka mpaka kuyera. Kasefa ka pansi pa pampu kanalinso kakuda ndi zinyalala, tasintha. Pampu ikadali bwino. Fuloti ya galimoto yomweyi sinapezeke pa boma pano, taitanitsa ku Lilongwe potengera nambala ya chasisi. Pakadali pano ayende powerengera makilomita.

Naphiri wa ku Chankhanga: Mnyamata uja ataona mita ikusowa nambala sanalankhule kanthu, anangotuluka panja. Madzulo ndinamuitana, ndinamupepesa pamaso pa amalume ake, chifukwa ndinali nditawauza kale kuti akundibera. Iye anandiuza kuti anandidandaulirapo za geji kawiri mwezi wa February, ine ndinayankha kuti ndalama palibe. Ndakumbukadi. Tagwirizana kuti tigule kabuku kokhala m'galimoto, azilemba malita ndi makilomita tsiku lililonse, ndipo tizisainirana Loweruka.

Phiri wa ku Chatoloma: Nanenso ndatukula mpando dzulo. Waya wowonda wina wadyedwa ndi makoswe pafupi ndi pulagi penipeni. A Mwale, ndingolumikiza n'kukulunga tepi?

Mwale wamagetsi a galimoto: Kupotokola kokha ayi achimwene, polumikiza pofooka pamaonjezera ma ohm ndipo geji idzaonetsa mafuta ochepa kuposa amene alimo. Zulani pulagi, kokerani wayayo kutali ndi thanki, batire itachotsedwa, mulumikize ndi kachitsulo kopanira mawaya kenako muveke kapaipi ka labala pamwamba. Chowotchera cha moto musayandikize pamenepo. Mukamaliza tembenuzani kiyi mudikire mphindi imodzi, mutiuze pamene muvi waima.